Mfuti za Penti: Masewera a Timu Kapena Nkhondo Yoseweretsa?

Pa 27 June 1981 amuna 12 adalowa m'nkhalango ina ku Henniker, m'chigawo cha New Hampshire ku America, aliyense atagwira kamfuti kolavula penti. Timfutito sadatipangire masewera ayi. Kampani ya Nelson Paint inkatigulitsa kwa anthu a zankhalango kuti aziikira chizindikiro mitengo yofunika kudula ataima patali, komanso kwa oweta ng'ombe kuti azidindira ziweto zawo. Amene adayambitsa zonsezi ndi Charles Gaines, mlembi wa mabuku, ndi mnzake Hayes Noel, wochita malonda a masheya ku New York. Awiriwa adakhala akukangana kwa nthawi yaitali: kodi munthu wa m'tauni, wozolowera kuchenjera pa malonda, angapirire m'tchire kuposa munthu wokulira komweko? Mnzawo wachitatu, Bob Gurnsey, ndiye adathandiza kulemba malamulo, ndipo pambuyo pake adasandutsa masewerawa kukhala bizinesi.

Tsikulo adapambana Ritchie White, katswiri wa zankhalango. Adatola mbendera zonse zinayi zimene zinkafunika osawombera ngakhale kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma chimene ambiri amaiwala posimba nkhaniyi n'chakuti matimu padalibe. Aliyense ankadzisewerera yekha, ndipo aliyense wokumana naye adali mdani. Matimu adabwera pambuyo, ndipo ndi amene abutsa mtsutso wathuwu.

Kwa amene sanawaonepo, masewerawa, amene amatchedwa paintball, amayenda motere. Wosewera aliyense amavala chigoba chophimba maso, mphuno, pakamwa ndi makutu, n'kunyamula mfuti yoyendera mpweya wopanikizidwa m'kabotolo. Eni ake sakonda kuitcha mfuti. Amati marker, ndiye kuti chodindira, pokumbukira ntchito yake yakale ija. Zipolopolo zake ndi timipira ta mamilimita 17, tolemera pafupifupi magalamu atatu, ta khungu longa la makapisozi a kuchipatala, ndipo mkati mwake muli utoto wochapika ndi madzi. Kampira kakakuswekera n'kusiya banga, watuluka. Kakangonjanja osasweka, ukadali m'masewera. Ena amasewerera m'tchire, kulimbirana mbendera, ndipo amati woodsball. Ena amasewerera pabwalo lakapinga lozunguliridwa ndi ukonde, loikidwa zobisalira zopopa mpweya, ndipo amati speedball. Mipikisano ikuluikulu imachitikira pabwalo lotere.

Mutu wa mtsutso ndi uwu: paintball ndi masewera a timu enieni, ndipo ayenera kulimbikitsidwa pakati pa achinyamata monga masewera ena onse. Mutuwu wamanga mfundo ziwiri pamtolo umodzi, ndipo si zonse zolemera mofanana.

MBALI YOVOMEREZA

1. Wosewera saona bwalo lonse, amaonera m'maso mwa anzake. Bwalo la mpikisano ndi la mamita pafupifupi 45 m'litali ndi 36 m'lifupi, ndipo timu iliyonse imalowetsa anthu asanu. Lipenga likangolira onse amabalalika kuchokera pamalo amodzi. Akumbuyo amayamba pomwepo kukhuthula timipira m'mipata imene adani ayenera kudutsamo. Cholinga sikulasa munthu kwenikweni koma kutseka njira. Akutsogolo, amene kawirikawiri amakhala opepuka miyendo, amathamanga n'kudzigwetsa kuseri kwa chobisalira chachitali chogona pansi chimene amachitcha snake, njoka, n'kumakwawa chamimba. Munthu ameneyu akafika pamenepo saona kanthu. Akadzutsa mutu n'kuchedwa kuubweza, wapita. Womuonera ndi wakumbuyo uja, ndipo n'chifukwa chake bwalo la paintball limasokosa ngati msika: uyu akufuula kumene kwabisala mdani, uyu akuwerenga amene atuluka, uyu akuuza mnzake kuti mpata wapezeka, asunthe tsopano. Pa mpira wa miyendo katswiri mmodzi angathe kupyola otchinga anayi n'kumwetsa chigoli anzake akungoyang'ana. Kuno katswiri wosamva za anzake ndiye woyamba kutuluka. Komanso wotulukayo salowedwa m'malo mpaka chigawo chimenecho chitatha. Zili ngati kadi yofiira imene ingatuluke pa sekondi iliyonse, ndipo otsalawo ayenera kugawananso ntchito mofulumira timipira tili kuvumba.

2. Malamulo ake amalanga timu, osati wolakwa yekha. Pa mipikisano, munthu akalasidwa koma n'kupitiriza kusewera, kapena akagwidwa akupukuta penti kuti asaoneke, oyimbira amatulutsa iyeyo pamodzi ndi mnzake mmodzi kapena awiri amene sadalakwe kanthu. Mwa anthu asanu, kutaya atatu nthawi imodzi n'kugonja basi. Lamulo lotere limaphunzitsa mnyamata chinthu chimene ulaliki sungamuphunzitse: chinyengo chako amalipira ndi anzako. Kuli maligi, makochi ndi mipikisano ya chaka ndi chaka. Ligi ya NXL, imene idayamba mu 2015, imatsiriza chaka chake ndi World Cup ku Kissimmee m'chigawo cha Florida, ndipo matimu monga San Diego Dynasty, Houston Heat ndi Edmonton Impact ya ku Canada ali ndi masapota awo. Kayalidwe ka zobisalira kamasintha pa mpikisano uliwonse, choncho matimu amaphunzira bwalolo mwatsopano, kuliyenda, kuyeza mipata ndi kugwirizana kuti uyu athamangira kuti. Zimenezi si chipwirikiti cha anthu ongowomberana.

3. Thupi silisankha munthu. Palibe kukankhana, kutcherana miyendo kapena kulimbirana mpira m'mwamba. Wamfupi amabisala bwino kuposa wamtali, wonenepa angakhale wakumbuyo wodalirika, ndipo akazi ndi amuna amasewera m'timu imodzi popanda kusintha lamulo lililonse. Mwana amene pa chikulunga amangomuika pagolo chifukwa chosathamanga angapeze malo enieni kuno.

4. Ngozi zake n'zodziwika, ndipo zili ndi mankhwala ake. Pabwalo loyendetsedwa bwino, mfuti iliyonse amaiyeza pa makina asanayambe kusewera, ndipo siloledwa kupyola liwiro la mamita pafupifupi 90 pa sekondi. Mabwalo ambiri amatsitsa liwiroli pang'ono. Kunja kwa ukonde, mfuti imavekedwa kathumba kukamwa kwake kuti ikalira mwangozi kampira kaswekere momwemo. Chigoba sichivulidwa munthu ali m'bwalo, ndipo wovula amathamangitsidwa. M'mabwalo ena muli lamulo lakuti ukamupeza mnzako chapafupi kwambiri umuuze kuti agonje m'malo momuwombera. Ana amapatsidwa timipira tocheperapo, topepuka, tosapweteka kwambiri. Zonsezi zikatsatidwa, chimene munthu amapita nacho kunyumba ndi timabala tozungulira tofiira pamkono kapena pantchafu, timene timazimirira pakapita masiku. Ovomereza amafunsa kuti: ndi mabondo angati amene atha pa mpira wa miyendo, koma palibe amene wanena kuti mpirawo uletsedwe?

5. Kufanizira nkhondo si chinthu chachilendo m'masewera. Pa bawo timadyana, pa chesi mfumu imazingidwa, ndipo pa fulaye mtsikana wapakati amazinda mpira umene anzake akumugenda nawo ndi mphamvu zawo zonse. Paintball ndi chibisalirano ndi fulaye zitaphatikizana, kungoti mkono walowedwa m'malo ndi mpweya. Osewera a mipikisano adasiya kale zovala za asilikali; amavala mayunifolomu owala okhala ndi manambala, ndipo mfuti zawo n'zamitundumitundu, zosafanana n'komwe ndi za kunkhondo. Pamasewera a m'tchire, pamene woyimbira sangaone paliponse, wolasidwa amayenera kukweza yekha mkono n'kutuluka ngakhale palibe amene wamuona. Ndi masewera ochepa amene amadalira chilungamo cha munthu chotere.

MBALI YOTSUTSA

1. Diso silimera lina. Liwiro la mamita 90 pa sekondi ndi makilomita oposa 320 pa ola. Mpira wa miyendo ukakumenya kumaso, mafupa ozungulira diso ndiwo amalandira mphamvu yambiri chifukwa mpirawo ndi waukulu. Kampira ka mamilimita 17 kamalowa pakati pa mafupawo n'kukafika padiso penipeni. Zotsatira zake ndi magazi kudzaza m'diso, ng'ala, kusupuka kwa kansalu koonera ka mkati, ngakhale kuphulika kwa diso lenilenilo. Lipoti limene lidatuluka m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics mu 2004 lidaonetsa kuti anthu ovulala m'maso ndi timipirati amene adafika m'zipatala za ku America adakwera kuchoka pa 545 mu 1998 kufika poposa 1,200 mu 2000, ndipo oposa 40 mwa 100 alionse adali ana. Ovomereza amayankha kuti ambiri mwa amenewa sadavale chigoba, kapena ankasewerera kuseri kwa nyumba popanda wowayang'anira. Zoona, koma mfundo ya otsutsa ndi yomweyo. Ukalimbikitsa masewera, sulimbikitsa a m'bwalo okha. Mwana amene walawa kukoma kwake Loweruka adzafuna kubwereza Lachiwiri ndi mfuti yobwereka, chigoba chimodzi anthu anayi. Ndipo ngakhale m'bwalo momwe, galasi la chigoba limachita nthunzi munthu akatuluka thukuta, ndipo dzanja limathamangira lokha kukachikweza. Chitetezo chonse chagona pa kusaiwala kwa mwana wa zaka 13 amene mtima uli m'mwamba.

2. Kuwombera kulikonse ndi ndalama. Apa masamu amalankhula okha. Timipira timagulitsidwa m'makatoni a 2,000. Mfuti za pa mpikisano zimaloledwa kulavula timipira pafupifupi 10 pa sekondi. Ndiye kuti munthu atati asachotse chala, katoni yonse ingathe m'masekondi 200, mphindi zitatu ndi kanthu. N'zoona kuti palibe amene amawombera mosalekeza chotero, komabe kabotolo ka pamwamba pa mfuti kamangolowa timipira pafupifupi 200, ndipo wakumbuyo amalowa m'bwalo atamangirira m'chiuno timabotolo tina tambiri ta 140 kalikonse, nthawi zina n'kutuluka tonse tili gwa! topanda kanthu. Onjezanipo mfuti, chigoba, botolo la mpweya, makina opopera, ukonde ndi lendi ya bwalo. Mpira umodzi umaseweretsa anthu 22 kwa miyezi, ndipo ukasowa, mapepala apulasitiki ndi luzi zimakwanira. Kampira ka penti kamagwira ntchito kamodzi kokha. Tanthauzo lake n'lakuti timu ya ndalama imachita zokonzekera zambiri, ndipo ngakhale pa tsiku la mpikisano imatha kutseka njira nthawi yaitali kuposa inzake. Kumaiko kumene zonsezi n'zoitanitsa kunja, vuto limakula: pamafunika ndalama zakunja, ndipo timipirato sitichedwa kuwonongeka, chifukwa chinyezi chimatitupitsa ndipo kutentha kumatifewetsa. Sukulu imene ikusowa mipira ya ntchemberembaye singayambe n'komwe kuganizira zimenezi.

3. Kuloza munthu ndi mfuti n'kuloza ndithu, ngakhale mutasintha dzina la mfutiyo. Mayunifolomu owala aja ndi a anthu ochepa a mipikisano. Ambiri amene amasewera m'tchire amakonda zovala za asilikali ndi mfuti zopangidwa dala kuti zifanane ndi zenizeni, ndipo kwa zaka zambiri anthu zikwizikwi ankasonkhana ku Oklahoma kukasewera mofanizira nkhondo ya ku Normandy ya 1944. Mu 2003 boma la America lidaimba mlandu amuna 11 a gulu lina la ku Virginia, amene ankagwiritsa ntchito paintball pokonzekera kukamenya nkhondo kunja, ndipo ena mwa iwo adapezeka olakwa. Mu 2018 achinyamata a m'mizinda monga Detroit, Milwaukee ndi Atlanta adayamba kuwomberana timipira m'misewu, amvekere kuli bwino penti kusiyana ndi zipolopolo. Mapeto ake anthu ena owomberedwa penti adabwezera ndi mfuti zenizeni, ndipo miyoyo idatayika. Ku Germany, mnyamata wa zaka 17 atapha anthu 15 pa chiwembu chimene chidayambira pasukulu ya ku Winnenden mu March 2009, boma lidaganiza zoletseratu paintball. Maganizowo adasiyidwa, koma m'dzikolo masewerawa ndi a anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Komanso masewera samveka chimodzimodzi paliponse. Nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, idathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi. Kwa kholo la ku Tete kapena ku Nsanje limene lidaona zimenezo ndi maso, ana olozana mfuti n'kumaseka si chinthu chongochilandira.

4. Ambiri amene amasewera sali m'timu iliyonse. Zimene ovomereza afotokoza, za kufuulirana ndi kugawana ntchito, zimachitika m'matimu amene akhala limodzi kwa miyezi. Koma mabwalo ambiri amadyera pa anthu obwera kamodzi: phwando la tsiku lobadwa, anyamata otsanzikana ndi mnzawo amene akukwatira, kapena ogwira ntchito pakampani amene abwana awauza kuti akaphunzire umodzi. Anthu otere amagawidwa pawiri, kumangidwa kansalu pamkono, n'kukabisala aliyense kuseri kwa mtengo wake mpaka timipira titatha. Ndi Henniker wa 1981 yemwe uja, kungoti wopanda kudekha kwa Ritchie White.

5. Ndi ovuta kuonerera. Palibe mpira umodzi woti maso autsate, timipira sitioneka tikamauluka, ndipo zinthu zimachitika m'ngodya zisanu nthawi imodzi. Wailesi ya kanema ya ESPN idayesapo kuonetsa mipikisano yake koma siidakhazikike, ndipo ku Olympics paintball kulibe. Masewera opanda oonerera ambiri sakopa othandiza ndi ndalama, choncho katundu yense amabwerera pamutu pa wosewera ndi makolo ake.

KUYEZA MBALI ZIWIRIZI

Pa gawo loyamba la mutuwu, ovomereza apambana, ndipo apambana bwino. Amene adaonapo anthu asanu ozolowerana akusuntha pabwalo la speedball sangakane kuti ndi masewera a timu. Ndingafike ponena kuti kudalirana kwake kumaposa kwa masewera ena otchuka, chifukwa kuno munthu amaika thupi lake poyera pokhulupirira mawu a mnzake amene sakumuona. Mfundo yachinayi ya otsutsa ndi yoona, koma ikunena za mmene anthu ambiri amasewerera, osati za masewerawo. Anthu 22 amene angokumana paukwati n'kuyamba kuthamangitsa mpira nawonso sakhala timu, koma sitinena kuti mpira wa miyendo si wa timu.

Mfundo ya nkhondo ndi imene imatenga mitima msanga, koma pa sikelo yanga ndi yopepukirapo. Mnyamata wa ku Winnenden adapha anthu ndi mfuti yeniyeni ya bambo ake, ndipo kuletsa penti sikukadatseka khomo limenelo. Za m'misewu ya ku Detroit sizinali masewera. Kudalibe ukonde, woyimbira kapena chigoba, ndipo owomberedwawo sadavomere kusewera. Komabe sindingapeputse kholo limene likuti mwana wanga ayi. Ndi ufulu wake, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Pachifukwa chimenechi paintball sayenera kukhala masewera okakamiza pasukulu, kapena kuntchito kumene wokana angaoneke ngati wosagwirizana ndi anzake.

Zimene zikulemera ndi diso ndi thumba, ndipo ziwirizi n'zolumikizana. Chitetezo chimene ovomereza akudalira, monga makina oyezera liwiro, zigoba zabwino, ukonde ndi oyimbira okwanira, chonsecho ndi ndalama. Pamene ndalama zachepa, choyamba kudulidwa ndi chitetezocho, popeza timipira sitingadulidwe masewera n'kukhalapo. Walira mvula walira matope: amene akufuna kufalitsa masewerawa pakati pa achinyamata avomerenso kulipira zonse zowateteza, ndipo masukulu ndi magulu ambiri a achinyamata sangathe. Choncho mawu akuti monga masewera ena onse sindikuwavomereza. Ndalama za boma kapena za sukulu zikhale kaye ku masewera amene mpira umodzi umakwanira kalasi yonse.

Izi sizikutanthauza kuti achinyamata atalikirane nawo. Kumene kuli bwalo loyendetsedwa bwino, monga mabwalo amene abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku Britain amawapeza pafupi, gulu la achinyamata litha kupitako, makamaka likamapita mobwereza kuti lifike pokhala timu. Mphwanga atandipempha chilolezo, ndingapite naye ndekha tsiku loyamba. Ndingafune kuona mfuti yake ikuyezedwa liwiro ine ndili pomwepo, ndione ngati galasi la chigoba lilibe mng'alu, ndiwerenge oyimbira, ndipo ndifunse ngati ali ndi timipira tating'ono ta ana. Kenaka ndingaime kunja kwa ukonde n'kudikira kuti wina akweze chigoba chake pakati pa masewera, pakuti wina amakweza ndithu. Woyimbira akaimitsa masewera nthawi yomweyo, mwanayo adzabweranso sabata yamawa. Akangoyang'ana kumbali, tikwera basi yobwerera kunyumba timipira tisanathe.